Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: Mayi Wosaka Mwana Asafe ndi Mimba ya M'chubu

Olemekezeka a Nduna,

 Ine ndine namwino komanso mzamba, ndipo ntchito yanga yambiri ndaigwirira kumbali ya amayi m'zipatala za m'maboma. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake ikukhudzanso madokotala a zipatala zolipira, ogulitsa mankhwala, ndi mabanja amene akusaka mwana usana ndi usiku. Pamisonkhano ya uchembere wabwino timakamba za kulera, za atsikana otenga mimba ali aang'ono, za kuchirira kuchipatala. Zonsezo n'zofunika. Koma alipo mayi wina amene samveka pamisonkhanoyo: uja wakhala pabanja zaka zisanu kapena khumi opanda mwana, amene akuchimuna anasiya kumutchula dzina n'kumangoti chumba, amene pamapeto pake wapeza chithandizo n'kuima. Mayi ameneyu ndiye amene mimba yake imamera kunja kwa chiberekero kawirikawiri kuposa ya anzake, ndipo pa masabata enieni amene mimba yotere imapha, palibe amene amamuyang'ana.

Chimene ndikupempha ndichinene pano pomwe. Mayi aliyense amene waima atalandira chithandizo cha kusabereka, kaya ndi mapiritsi, jakisoni, opaleshoni ya machubu kapena IVF, aziunikidwa ndi makina pa sabata ya 6 kuchokera tsiku limene anayamba kusamba komaliza, kuti tione pamene mimbayo yakhala. Likhale lamulo la Unduna wanu, lomanga chipatala cha boma, cha mishoni ndi cholipira chomwe. Zina zonse m'kalata muno ndi zifukwa zake.

Dzira likachoka m'thumba lake limalowa m'chubu, ndipo ndi m'menemo mmene limakumana ndi umuna. Chubucho n'chotalika masentimita 10 mpaka 12, ndipo pafupi ndi chiberekero njira yake imapapatiza kufika milimita imodzi. Kamluza kamatenga masiku atatu kapena anayi kuti katuluke m'njirayi. Sikayenda kokha. Mkati mwa chubu muli tiubweya tosaoneka ndi maso timene timakakankhira kutsogolo, ndipo minofu ya chubucho imafinya pang'onopang'ono kukathandiza. Tiubweyato tikafa, kapena njirayo ikakhala ndi zipsera, kamluza kamachedwa. Nthawi yake yomera ikakwana, kamamera pomwe kali. Mimba zoposa 90 pa 100 zilizonse zokhala kunja kwa chiberekero zimakhala m'chubu. Chiberekero chinalengedwa kuti chizitamuka, koma chubu ayi. Pakati pa sabata ya 6 ndi ya 10 chimang'ambika, magazi n'kuyamba kutayikira m'mimba, ndipo mayi akhoza kutaya malita awiri osaoneka dontho lochuluka pa chitenje chake.

Pa amayi onse oyembekezera, mimba imodzi kapena ziwiri pa 100 zilizonse zimakhala zotere. Pa amene alandira chithandizo cha kusabereka chiwerengero chimakwera, ndipo chifukwa chachikulu si mankhwalawo ayi. Chifukwa chake n'chakuti chimene chinamulepheretsa mayiyo kuima ndi chomwechonso chimene chimatsekereza kamluza panjira. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Koma gwero la vutoli silofanana paliponse. Kafukufuku wa bungwe lomweli amene anatuluka mu 1985 anapeza kuti mwa amayi osabereka amene anayezedwa muno mu Africa, pafupifupi theka anali ndi machubu otsekeka mbali zonse ziwiri, kuchulukitsa kangapo poyerekeza ndi maiko olemera, ndipo ambiri mwa iwo chinayambitsa ndi matenda. Kunena mwachidule, mayi wa kuno amene akusaka mwana nthawi zambiri ndi mayi wa machubu ovulala. Tikamuthandiza kuima popanda kulondola mimbayo, tamuperekeza theka la njira n'kumusiya pamalo oopsa kwambiri.

Chimavulaza machubuwo n'chiyani? Choyamba ndi chinzonono ndi klamidiya. Klamidiya ndiye woipitsitsa, chifukwa amayi ambiri amene ali naye samva kalikonse. Amakwera mwakachetechete kuchoka kukhomo la chiberekero kukafika m'machubu, n'kuwononga tiubweya tija. M'zipatala zathu timachiza matenda opatsirana pogonana potsatira zizindikiro zimene munthu wabwera nazo. Njirayi yathandiza anthu ambiri pamene tinalibe zoyezera, koma mayi wopanda chizindikiro saiona n'komwe. Ndipo kangati timachiza mkazi, n'kumupatsa kalata yoitanira mwamuna wake, mwamunayo osabwera? Mkazi amachira sabata ino, sabata ya mawa watenganso kunyumba kwake komwe. Matenda akabwereza kawiri katatu, chubu sichibwerera mwakale.

Kenako pali mabala obwera chifukwa cha uchembere weniweniwo: kutukusira kwa chiberekero mayi akachira pamalo opanda ukhondo, akapita padera n'kutsalira zina, kapena akachotsa mimba mobisa. Ofufuza anayerekeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno, zambiri m'njira zosayenera. Mtsikana amene anapulumuka nthawi imeneyo lero ndi mayi wa zaka 30 amene ali pamzere kufunsa chifukwa chake sakuima. Opaleshoni iliyonse ya m'mimba imasiyanso zomatirira zimene zingapinde chubu, kaya inali ya apendikisi yophulika, kaya yochirira. Pa mayi amene anachira ndi opaleshoni, kamluza kakhozanso kumera pa chipsera chenichenicho cha chiberekero. Chifuwa chachikulu nachonso sichikhala m'mapapo mokha, chimafika m'machubu.

Ndifuna ndikhalitse pa likodzo, chifukwa ndi lathu ndipo mabuku ambiri a kunja okamba za IVF salitchula. Tinazolowera kuliona ngati matenda a anyamata okodza magazi. Koma tizilombo take tikakhala m'mitsempha ya m'chiuno mwa mtsikana, mazira ake amakakamira pa khomo la chiberekero, m'chiberekero, m'machubu ndi m'matumba a mazira, ndipo thupi limawazinga ndi zipsera zolimba. Akatswiri amayerekeza kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ali ndi likodzo la kumaliseche, ndipo kusabereka ndi mimba ya m'chubu zili m'gulu la zotsatira zake zodziwika. Ganizirani za mtsikana wokulira ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kapena kuchigwa cha Shire, amene wachapa, kusamba ndi kutsuka mbale m'madzi amenewa chibadwire. Akadzadandaula za chikazi chachilendo kapena kutuluka magazi pogonana, timamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, nthawi zina n'kumuyang'ana ndi diso lomuweruza, pamene chomwe akufunika ndi praziquantel. Mankhwalawa amapha tizilombo koma safufuta chipsera chakale. N'chifukwa chake kugawa praziquantel m'masukulu ndi nkhani ya uchembere, ndipo mtsikana wosiya sukulu asamaphonyedwe. N'chifukwa chakenso dokotala aliyense wothandiza mayi wosabereka ayenera kufunsa funso limene silili pa mafomu ochokera kunja: munakulira kuti, ndipo madzi munkatunga kuti?

Zina ndizitchule mothamanga. Mayi amene anakhalapo ndi mimba ya m'chubu, mwayi woti zibwerezenso ndi pafupifupi 10 pa 100. Amene anatseketsa kenako n'kutsegulitsa machubu, mwina atakwatiwanso kapena ataferedwa ana, alinso pamzere womwewo. Kusuta fodya kumafooketsa tiubweya ta m'chubu. Matenda a endometriosis amamatiriza ziwalo za m'chiuno. Ndipo zaka zikapitirira 35 vutoli limachuluka, pamene amayi athu ambiri amafika kwa dokotala wa za uchembere atatha zaka zawo zabwino akuzungulira kwa asing'anga kuti akasulidwe ndi m'mapiri kukapemphera.

Tsopano chithandizo chenichenicho. Chofala kwambiri kuno si IVF, koma mapiritsi okhwimitsa mazira monga clomiphene ndi letrozole. Mapiritsi amenewa ndi abwino kwa mayi amene vuto lake ndi loti dzira silituluka. Koma dongosolo lake n'lakuti mwamuna ayambe wayezedwa umuna, mkazi ajambulidwe machubu pothira mankhwala oonekera pa X-ray, kenako mapiritsi. Zimene ndimaona n'zosiyana. Bambo amakana kuyezedwa poopa dzina la gojo, kujambula machubu kumapezeka m'mizinda yokha, ndiye njira yachidule ndi kulemba mapiritsi. Ena sadikira n'kulemberedwa komwe: amauzana m'magulu a pa WhatsApp, amagula pa kauntala popanda chikalata cha dokotala, kapena amaitanitsa kwa abale a ku Joni. Mayi wa machubu otsekeka pang'ono akamwa, amatulutsa mazira awiri kapena atatu pamwezi m'malo mwa limodzi, onse n'kulowa m'njira yowonongeka. Umuna ndi waung'ono, umadutsa. Kamluza n'kokulirapo, kamakodwa. Chubu chotsekeka theka n'choopsa kuposa chotsekeka chonse, ndipo mayi wogula yekha mapiritsi sadziwa kuti chake n'chotani.

Anthu ambiri, ngakhale ena a ife ovala zoyera, amaganiza kuti IVF inathetsa nkhaniyi, popeza dzira ndi umuna zimakumana m'labotale ndipo dokotala amaika kamluza m'chiberekero mwenimwenimo. Mbiri ikutsutsa. Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, amene anayambitsa njirayi ku England, anafalitsa mu 1976 za mimba yawo yoyamba ya IVF, ndipo mimbayo inamera m'chubu. Louise Brown, mwana woyamba wa IVF, anadzabadwa ku Oldham pa 25 July 1978. Choncho IVF ndi mimba ya m'chubu zinadziwana kuyambira pachiyambi. Kamluza kakaikidwa m'chiberekero sikamera nthawi yomweyo. Kamayandama kwa maola kapena masiku, chiberekero chikufinya, ndipo kakhoza kukankhidwira m'chubu. Chubu chabwino chimakabweza. Chovulala chimakasunga.

Madokotala a IVF akudziwa zimene zimawonjezera ngoziyi. Kuika timiluza tiwiri kapena titatu nthawi imodzi ndiye chachikulu. Kuika kamluza mkati kwambiri pafupi ndi pakamwa pa machubu, kapena ndi madzi ochuluka, nakonso kumathandizira. Kafukufuku wambiri akusonyeza kuti kuika kamluza m'mwezi womwewo umene mayi wabayidwa majakisoni okhwimitsa mazira, mahomoni ali pamwamba, kumabweretsa mimba za m'chubu zambiri kuposa kukasunga mozizira n'kudzakaika mwezi wina. Ndiponso kuti kamluza kamodzi ka masiku asanu n'kotetezeka kuposa tingapo ta masiku atatu. Palinso chubu chotupa chodzaza madzi, chimene madokotala amati hydrosalpinx. Madzi ake amatsikira m'chiberekero n'kuchepetsa mwayi woima, ndiye madokotala amalangiza kuchichotsa kapena kuchimanga IVF isanachitike. Komabe ngakhale machubu onse atachotsedwa, kamluza kakhoza kumera pa kachidutswa kotsala pangodya ya chiberekero, pamalo a mitsempha yambiri, ndipo pakaphulika pamenepo magazi ake sachedwa kumaliza munthu.

Mwina mufunsa kuti izi zikutikhudza bwanji, poti IVF ndi ya anthu ochepa. Zikutikhudza chifukwa amayi athu amapita. Amagulitsa malo, amatenga ngongole kuntchito ndi kubanki m'khonde, n'kukwera ndege kapena basi kupita ku Johannesburg, Cape Town kapena India. Munthu amene wasonkha ndalama za ulendo umodzi wokha amachonderera kuti amuikire timiluza tambiri, ndipo si chipatala chilichonse chimene chimakana. Ndalama zogonera zikatha amabwerera kumudzi patangopita masiku ochepa, mimba isanaoneke pa makina. Chipatala chimene chinamuika kamluza chili kutali makilomita zikwi. Pamene chubu chikuphulika pa sabata ya 7, amene amamulandira ndi ife, usiku, pachipatala cha boma, opanda pepala lililonse lotiuza zimene anachitidwa.

Ndipo pali msampha wina umene umakola ngakhale woyeza waluso. Mayi akhoza kukhala ndi mimba ziwiri nthawi imodzi, ina m'chiberekero, ina m'chubu. Pa mimba zobwera zokha izi n'zosowa kwambiri, mabuku akale amati imodzi pa 30,000. Koma pamene madokotala ankaika timiluza tambiri, malipoti ena anafika pa imodzi pa 100. Mapiritsi ndi majakisoni otulutsa mazira angapo amachitanso chimodzimodzi. Woyeza amaona kamtima kakugunda m'chiberekero, amatembenuzira mayi sikirini kuti aone, onse amasangalala, makina n'kuzimitsa. M'mbalimo sanayang'anemo. Ululu ukayamba amamuuza kuti ndi mmene imachitira mimba yoyamba. Amene anatiphunzitsa kuunika anatiphunzitsa kuti tikaona mimba m'chiberekero nkhani ya chubu yatha, ndipo kwa amayi ambiri n'zoona. Kwa mayi wa chithandizo cha kusabereka si zoona, ndipo izi ziyenera kulembedwa m'mabuku ophunzitsira anamwino ndi ma clinical officer athu.

Olemekezeka, onani tsopano mmene mayiyu amadutsira m'manja mwathu. Wayeza mkodzo, mizere iwiri yatuluka. Sauza munthu. Amayi athu ambiri amabisa mimba ikadali yaing'ono poopa maso a anthu ndi afiti, nanga kuli bwanji amene waidikira zaka khumi? Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 24 okha pa 100 alionse ndiwo ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Mimba ya m'chubu imakhala itaphulika kale sikelo isanayambe. Akamva kupweteka mbali imodzi ya chinena ndi kuona timagazi takuda, amagona pansi n'kumapemphera kuti mimba isachoke. Akapita kuchipatala chaching'ono, amamuyeza malungo, kapena amamupatsa mankhwala a chikhodzodzo, kapena amamuuza kuti akufuna kupita padera, akapume. Phewa likayamba kupweteka, palibe amene amaligwirizanitsa ndi mimba, chonsecho ndi magazi amene afika pansi pa chifuwa n'kumakwiyitsa mtsempha. Kenako chizungulire, thukuta lozizira, m'maso mwayera, wakomoka pochokera kuchimbudzi. Ambulansi ilibe mafuta kapena yapita kwina. Akafika pachipatala cha boma, clinical officer amathamangira naye kufiyeta, ndipo ndinene pano kuti anthu amenewa apulumutsa amayi osawerengeka. Koma magazi omuwonjezera amadalira zimene a Malawi Blood Transfusion Service atolera, makamaka kwa ana asukulu, ndipo sukulu zikatsekera nkhokwe imachepa.

Ndaimapo pambali pa bedi la mayi wotere akutsitsimuka, ndipo funso lake loyamba silikhala la moyo wake. Amafunsa za mwana. Achibale amamutonthoza kuti mwana ndi bango, akafa aphuka wina. Kwa mayi wina mawuwa ndi oona. Kwa uyu, chubu chimene tachotsacho mwina ndicho chinali chokhacho chimene chinkagwirako ntchito, ndalama zinathera paulendo woyamba, ndipo akuchimuna ayamba kale kunong'onezana za mkazi wina. Amene sanafike n'komwe kuchipatala amaikidwa m'manda ndi mbiri yoti anangogwa mwadzidzidzi, kapena kuti analodzedwa ndi ansanje. Kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anati amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Imfa ya mimba ya m'chubu ndi imfa ya uchembere, koma mayi amene mimba yake ankaidziwa ndi iye yekha ndi mwamuna wake salowa m'kaundula aliyense.

Chimandiwawa n'chakuti matendawa mankhwala ake anapezeka kalekale. Robert Lawson Tait anachita opaleshoni yoyamba yopulumutsa mayi wa chubu chophulika ku Birmingham mu 1883. Lero tili ndi zoposa pamenepo. Makina ounikira kudzera kunjira ya amayi amaonetsa mimba m'chiberekero pofika sabata ya 5 kapena ya 6. Kuyeza mlingo wa homoni ya hCG m'magazi kawiri, motalikirana maola 48, kumasonyeza ngati mimba ikukula moyenera. Ndipo mlingo ukapitirira 1,500 koma m'chiberekero mulibe kanthu, dokotala amadziwa kuti ayenera kusaka kwina. Mimba ya m'chubu ikapezeka isanaphulike, ili yaing'ono yosafika masentimita atatu ndi theka, mayi asakumva ululu waukulu ndipo hCG ili yotsika, jakisoni wa methotrexate akhoza kuithetsa popanda mpeni. Mankhwalawa ndi akale, otsika mtengo, ndipo ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira. Amangofuna labotale yotha kulondola hCG mpaka itatha, ndi kumulangiza mayi kuti adikire miyezi itatu asanayesenso. Ngakhale opaleshoni itafunika, yochita masana mayi akuyenda yekha ndi yosiyana kutali ndi ya pakati pa usiku mayi atakomoka. Kusiyana kwa ziwirizi ndi sabata imodzi kapena masabata awiri, ndipo sabata imeneyo ndi imene ndikukupemphani.

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga ku Capital Hill: dziko lathu vuto lake ndi kuchulukana, ndalama n'zochepa, za kusabereka zidikire. Sindikupempha boma kulipirira munthu IVF, ngakhale ndimakhulupirira kuti dziko limene limathandiza mayi kulera liyeneranso kumumvera akafuna mwana. Ndikupempha zinthu zimene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mabotolo a magazi, fiyeta ya usiku ndi maliro.

Lamulo la kuunika pa sabata ya 6 likhale ndi mano. Dokotala kapena chipatala chimene chalemba mapiritsi okhwimitsa mazira, kapena chachita chithandizo china chilichonse cha kusabereka, chikhale ndi udindo woona pamene mimba yamera, ndipo mtengo wa kuunikako ukhale m'kati mwa mtengo wa chithandizocho, osati woonjezera umene mayi angauzembe. A Medical Council of Malawi ali ndi mphamvu yoika zimenezi m'zoyenereza za chiphaso. Iwo omwewo aletse kulemba mapiritsiwa mwamuna asanayezedwe ndi machubu asanaonedwe. A Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ayendere malo ogulitsira mankhwala ndi kuonetsetsa kuti clomiphene ndi letrozole sizikutuluka popanda chikalata. M'kabuku ka kuchipatala ka mayi wotere mudindidwe chidindo chooneka bwino, kuti namwino wa pachipatala chaching'ono akangotsegula adziwe kuti ululu wa m'mimba mwa mayi uyu si woyesera panado. Opita kukachita IVF kunja auzidwe kuti asabwerere popanda kalata yonena tsiku limene anaikidwa timiluza ndi kuchuluka kwake, ndipo zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zikhale ndi khomo lodziwika limene mayi wa mimba yaing'ono angagogode popanda kudikira tsiku la sikelo.

Ku Britain bungwe la HFEA lakhala likupereka ziphaso ndi kusunga kaundula wa chithandizo cha IVF kuyambira 1991, ndipo linakakamira mpaka zipatala zinazolowera kuika kamluza kamodzi. Ife tisadikire kuti zipatala zotere zichuluke kenako n'kumathamangitsa malamulo pambuyo. Lembani malamulo pano: timiluza tingati, kwa mayi wa zaka zingati, ndani amalondola mimba, ndani amapereka malipoti. Ndipo m'makaundula athu a mimba za m'chubu muonjezedwe funso limodzi lokha, loti mayiyu analandirapo chithandizo chofuna kubereka kapena ayi. Pakatha chaka mudzakhala ndi chiwerengero chathuchathu, ndipo a Kamuzu University of Health Sciences ali ndi anthu otha kuchisanthula.

Pachipatala chaching'ono chilichonse pasasowe zoyezera mkodzo, ndipo lamulo likhale loti mayi aliyense wa msinkhu wobereka wodandaula m'mimba kapena wokomoka ayezedwe ngati ali woyembekezera, ngakhale atakana, ngakhale atanena kuti madokotala anamuuza kuti sadzaima. Makina a GeneXpert amene tinagulira chifuwa chachikulu amathanso kuyeza klamidiya ndi chinzonono. Mabanja osaka mwana akhale oyamba kuyezedwa nawo, mwamuna ndi mkazi limodzi.

Chotsala ndi uthenga, ndipo umenewu sufuna ndalama za opereka thandizo. Alangizi a zaumoyo m'midzi, mawailesi, ndi olandira mafoni a Chipatala Cha Pa Foni anene mawu omveka: ngati mwadumpha kusamba ndipo mukumva kupweteka mbali imodzi, mukuona timagazi, phewa likupweteka kapena mukuchita chizungulire, pitani kuchipatala lero lomwe, ndipo mukanene ngati munamwa mankhwala ofuna kubereka. Anenenso chinthu chimene mabanja amavutika kuchilandira, ndipo apa tipemphe abusa, ansembe ndi mashehe atithandize. Mimba ya m'chubu singakule kufika pobadwa, ndipo palibe dokotala padziko lapansi amene angaisamutsire m'chiberekero. Ndaonapo bambo akukana kusayina pepala la opaleshoni, akuti adikire mapemphero a mawa, chifukwa kwa iye tinkafuna kupha mwana amene Mulungu wawapatsa patatha zaka zambiri. Sindinamuone ngati munthu wouma mtima. Anali munthu amene palibe anamukonzekeretsa. Malamulo athu amalola opaleshoni yopulumutsa moyo wa mayi, ndipo banja liyenera kumva zimenezi tsiku loyamba kulandira chithandizo, mitima ili m'malo, osati pakhomo la fiyeta.

Olemekezeka a Nduna, kalata yozungulira yochokera ku ofesi yanu ikhoza kufika kwa akuluakulu a zaumoyo a maboma onse 28 mwezi uno usanathe. Ndikukupemphani muilembe, muisayine, ndipo muike m'menemo sabata ya 6.

Ine wanu pa ntchito yosamalira amayi,

Namwino ndi mzamba